Tsiku Limene Twaibu Anadya Linga la Sultani

Mwambi mukundifunsawu, ana inu, chiyambi chake n'chotere, koma musathamangire kuseka poti mwini nkhaniyi ine ndimamumvera chisoni.

Kalekale, m'mbali mwa nyanja yamchere, kunali mzinda wa nyumba zamiyala wolamulidwa ndi Sultani. Zombo zinkabwera ndi mikanda ndi mbale zadothi, n'kubwerera ndi minyanga ndi golide. Pali chuma akuba sasowa, choncho Sultani analamula kuti pamangidwe linga lozungulira mzinda wonse, lokhala ndi nsanja za asilikali a mauta. Tsoka lake, lingalo linkadutsa pakatikati pa mudzi wa anthu owomba nsalu, ndipo nyumba zawo zinayenera kugwetsedwa.

Owombawo anasankha bambo Twaibu kuti akawadandaulire. Anali munthu wofatsa, wamanyazi ngati mkamwini watsopano, ndipo kunyumba yachifumu anali asanapondeko phazi. Mkazi wake, pomuveka mkanjo wobwereka, anamulangiza kuti akafika kumeneko asakachuluke mafunso ngati mbuli, akachite ngati wozolowera.

Tsono mumzindamo munali mwambo. Mmisiri wamkulu asanaike mwala ngakhale umodzi, ankayamba waumba kachifanizo ka chomangacho ndi phula la njuchi, pambale yamkuwa. Mbaleyo ankaiika patsogolo pa wodandaula, iye n'kubenthula mbali imene ikumupweteka. Sultani akaona kuti n'zotheka, khoma linkakhota kulambalala pamenepo. Mwambowu ngakhale alonda apachipata ankaudziwa. Mmodzi wa iwo, poona mdala Twaibu wafika akutuluka thukuta, anamufunsa ngati akudziwa zochita mkatimo.

"Aa, ndimabwerabwera kuno ine," anatero Twaibu.

Anamukhazika pamkeka pakati pa nduna, mkulu wa asilikali ndi amalonda olemera. Kunabwera mpunga ndi nyama yambuzi, anthu n'kudya. Atangosamba m'manja, mmisiri analowa ndi mbale yamkuwa ija naiika pamaso pa Twaibu.

Kanthuko kanali kachikasu, konyezimira, konunkhira uchi. Twaibu mumtima anati ndiye zimene amatsukira mkamwa olemera zimenezi. Atakweza maso anaona onse ali duu, akumuyang'ana, ndipo anaganiza kuti akudikira mlendo ayambe. Funso linamubwerera ndithu, linafika mpaka pakhosi, koma analimeza. Anatchula dzina la Mulungu, nabenthula nsanja imene inali pafupi ndi dzanja lake lamanja, n'kuponya mkamwa.

Kutafuna, chinthu osatha. Kutafunanso, chili chomwecho. Mmisiri anagwira nduwira yake ndi manja awiri. Twaibu anaona ngati wophika wakhumudwa kuti mlendo akudya monyinyirika, ndiye pofuna kumutonthoza anabenthula chipata chonse ndi khoma lake lomwe, n'kuwonjezera. Mkulu wa asilikali analuma ndevu zake kuti asaphulike ndi phwete.

Mbali anadyayo inali ya kudoko, kumene kunali nkhokwe za wamalonda wina dzina lake Shabani, amene sanadandaule n'komwe. Mbali ya owomba nsalu inali tsidya lina la mbale, ili chiimire.

Sultani sanali munthu wankhanza. Anamuyang'ana modabwa nati, "Bambo, anzanu amangobenthula, inu mwachita kudya. Palibe kanthu. Kodi mbali ikukupwetekani ndi yomweyi? Ngati ilipo ina, nenani tsopano."

Apa ndi pamene mtima umandiwawa ine. Mawu onse anali nawo Twaibu, anachita kuwaloweza njira yonse: za ana, za nkhalamba zosatha kuyenda, za chitsime chimene anakumba makolo awo. Koma phula linali litamata mano akumwamba ndi akumunsi, gwa! Anakakamiza chibwano, n'kungotuluka kakuti "mmm", mutu ukugwedezeka polimbana nalo. Nduna inalengeza kuti wodandaula wavomera. Sultani anadzuka, bwalo n'kutha, ndipo kumeneko mawu a Sultani sankabwezedwa. Shabani anabwera kudzamugwira chanza ndi manja awiri, kuthokoza kosaleka, mdalayo misozi ili chuchuchu.

Linga linakhota bwinobwino kulambalala nkhokwe za Shabani, n'kudzera pakati pa mudzi wa owomba. Anthu anazula mitengo yawo yowombera nsalu kukamanga kunja, kumchenga. Anzakewo Twaibu sanamumenye ayi. Akanamenya chiyani munthu amene ankalira kuposa onse? Iye ndiye anasenzera nkhalamba zonse katundu wawo, khomo ndi khomo, osapuma, osayang'ana munthu kumaso.

Anamukhululukira, koma nkhani yake sinafe. Mwana akamazungulirazungulira ndi chinthu chosachidziwa, manyazi atamutseka pakamwa, amayi ake ankamugwira paphewa, n'kuloza mdala uja akudutsa ndi mtolo pamutu, amvekere:

"Safunsa anadya phula."