Ka MP3 Kanandisandutsa Mwana wa Malemu

Mpaka lero pali mudzi wina kummwera kwa Embangweni umene ndikamadutsa ndimayang'ana pansi, ngakhale anthu ake amandilonjera mwaulemu wonse. Chinandifikitsa pamenepa ndi kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi.

Boma linanditumiza kukaphunzitsa ku Mzimba nditangokwatira kumene. Nyumba imene anandipatsa pasukulupo inali yodontha, chitseko chomangira waya, ndiye mkazi wanga Eneless anayamba watsala kwa mayi ake ku Ntcheu kudikira kuti zinthu zilongosoke. Zinthuzo sizinkalongosoka. Netiweki inkapezeka pachulu china kuseri kwa bwalo la mpira basi, ndipo mphepo ya Juni ikamawomba pamenepo, munthu sumachedwa kutsanzika. Ndikaweruka ndinkangokhala pakhonde kumvetsera anthu akuseka m'Chitumbuka, ine osadziwa choseketsa. M'chiyankhulo chonsecho ndinali nditatolamo liwu limodzi lokha, "yewo," ndipo ndinkaliponya paliponse (polonjera, pothokoza, povomera, ngakhale popepesa mbuzi ndikaiwomba ndi njinga).

Loweruka lina ndikuzungulira mumsika pa boma, ndinaima pa benchi ya Che Saidi, bambo wa ku Mangochi wogulitsa matochi ndi mawailesi. Chichewa chawo chokha chinandikomera ngati ndafika kwathu.

"Aphunzitsi, nkhopeyi ndi ya munthu wogona yekha," anatero. "Tengani ka MP3 aka. Batire limodzi laling'ono, nyimbo zodzadza, simudzasowanso wocheza naye."

Ndinagula. Ndinapita nako kwa anyamata oika nyimbo pakompyuta, n'kuwatchulira zonse zimene zinavinidwa paukwati wathu.

Pobwerera ndinakwera matola, kagalimoto kodzadza amayi ovala zitenje ndi mipango, onse ali duu. Sindinadzifunse chifukwa chake. Ndinakhala pathumba la ufa, ndinavala timahedifoni, n'kukokera chipewa cha ubweya m'makutu chifukwa cha kuzizira. Nyimbo yoyamba, bwinobwino. Yachiwiri, mutu ukugwedezeka. Yachitatu inali ija tinalowera muholo, Eneless akuponda diresi lake, akundinong'oneza kuti ndichepetse liwiro. Ndinamuona bwinobwino, ndi kampata kake ka m'mano. Ndisanadziwe, misozi inali mbwembwembwe (ndipo ndinamva pambuyo pake kuti sindinkalira mwakachetechete monga ndinkaganizira, ndinkabuula ndithu).

Mayi wina wojintcha amene anali pambali panga anandigwira phewa. Ndinasolola kahedifoni kamodzi mobisa.

"Pepani chomene, dada. Mwafuma nkhu?"

Funso lokhalo ndinkalizindikira, poti aliyense ankandifunsa kumene ndachokera. "Ku Ntcheu," ndinayankha, mphuno ikutuluka madzi.

Amayi onse anayang'anizana. Wina anagwira pakamwa. Mayi uja anandifunsanso funso lalitali, momwe ndinangomvamo mawu akuti "adada," osadziwa kuti akufunsa za bambo anga. Ine ndinati, "Yewo." Anafunsa lina. "Yewo." Atatu anayamba kulira nane limodzi.

Galimoto inapatuka mumsewu waukulu n'kukaima pamudzi podzadza anthu. Anali maliro. Aliyense anatsika, dalaivala yemwe, ndipo ndinaona kuti n'chamwano kutsala ndekha pathumba la ufa. Ndinati ndikangopepesa ndipitirize wapansi. Koma mayi uja sanandisiye dzanja. Anandidutsitsa pakati pa khamu, akulengeza china chake uku ndi uku, anthu akupatuka. Anandipatsa mpando wokhala ndi khushoni, kutsogolo, moyang'anizana ndi khomo la siwa. Pakhomopo panali mayi wamasiye, ndipo diso limene anandiponyera silinali la munthu wolandira chipepeso.

Posakhalitsa bambo wina wamtali wa imvi, a Nyirenda, mng'ono wa malemu, ananditengera kuseri kwa khola. Chichewa ankachidziwa bwino.

"Mayi anu ali bwanji?"

"Ali bwino, miyendo yokha."

"Ndi amene akutumani?"

"Ayi, sakudziwa n'komwe kuti ndili pano."

Anapumira m'mwamba. "Tinkamva ndithu kuti akulu anga ali wapolisi ku Ntcheu anasiyako mwana. Sitikukukanani. Koma za ng'ombe ndi munda tidzakamba tikaika maliro, osati lero. Mlamu wanga mtima wake uli kale pena."

Ndinayamba kufotokoza zonse nthawi imodzi, za sukulu ndi nyumba yodontha, za matola, za bambo anga enieni amene ali moyo ndipo amaweta nkhumba ku Bawi. Poona kuti sakundimvetsa, ndinatulutsa ka MP3 kaja. Kanali kakuyimbabe m'thumba nthawi yonseyi. A Nyirenda anaika kahedifoni kukhutu, n'kumvetsera magitala a paukwati ali pamaliro a mkulu wawo.

"Ndiye mumalirira zimenezi?"

"Ndimalirira mkazi wanga."

"Pepani. Anatisiya liti?"

"Ali moyo. Ali ku Ntcheu."

Anatembenukira kukhola, n'kugwira mtengo, mapewa akugwedezeka. Abambo awiri anathamanga kudzawatonthoza, iwo n'kumangowakupiza ndi dzanja kuti abwerere.

Ndinapempha kuti ndizembere kuseri komweko, koma a Nyirenda anakana. Anati nkhani yafika kale m'makutu mwa mayi wamasiye, ndipo iyenera kuchotsedwamo ine ndili pomwepo. Ndinagwada pakhomo la siwa, chipewa m'manja, a Nyirenda akufotokoza motsitsa mawu. Mayiwo anamvetsera osaphethira. Sanaseke. Kenako anayankhula pang'onopang'ono, a Nyirenda akumasulira.

"Akuti mwamuna wawo atapita ku Ntcheu anawauza kuti adzabwera kudzawatenga akapeza nyumba yabwino. Anadikira mpaka ana anakula. Akuti anthu akhala akuwanong'oneza za mwana ameneyu zaka zonsezi, ndipo lero amati wafika. Ndiye akuti mwawathandiza kupuma." Mayiwo anawonjezera mawu ochepa. "Akutinso nyumba yodontha amaikamo beseni. Mukamutenge mwana wa eni akeyo."

Ndinakhala nawo mpaka kumanda (kuchoka pamenepo kukanakhala kuwonjezera mlandu), ndipo ndinaponya nawo dothi kwa munthu amene sindinamuonepo. Kusukulu ndinafika wapansi. Lolemba lake ana a Sitandade 7 anali atamva kale, moti wina anakweza dzanja n'kundipepesa maliro a bambo anga, nkhope ili yowongoka.

Teremu itatha ndinapita ku Ntcheu, ndipo sindinabwerere ndekha. Denga linali lisanakonzedwe. Mvula yoyamba itagwa tinakokera bedi pakona pouma, ndipo ndi pomwepo pamene ndinamufotokozera Eneless nkhani yonse. Anaseka mpaka kutsamwa. Atapuma anandiyang'ana mwachidwi.

"Koma munaliradi? Pamaso pa azimayi?"

Mukanayembekeza kuti munthu amene ananamiziridwa bambo chifukwa chosalankhula zomveka aphunzirapo kanthu. Ine ndinayang'ana kudenga n'kunena kuti linali fumbi la mumsewu.

"Fumbi," anatero Eneless, akusendeza mutu wake paphewa panga. "Chabwino, bambo. Fumbi."