Mwala wa kuseri kwa bala

Nkhani iyi ndikanakonda ikanathera m'mimba mwanga, koma popeza pa Chimbiya aliyense akuifotokoza mmene akufunira, ena mpaka akuti ndinavina, kuli bwino muimve kwa ine mwini manyaziwo. Kuvina sindinavine. Zinazo n'zoona.

Ndine mayi wa ana awiri, ndimagulitsa kachewere m'mbali mwa msewu. Mwana wanga wamkazi, Tadala, anakwatiwa ku Joni, ndipo nthawi imeneyo anali woyembekezera koyamba. Mayi aliyense akudziwa mmene mtima umakhalira mwana akakhala ndi pakati kutali, kopanda woti n'kumuyang'ana ngati mapazi atupa. Ine chimene ndinkafuna chinali chimodzi, kuti tsiku lakelo likadzafika ndidzakhale naye, ngakhale pagalasi la foni.

Mlongo wake, Limbikani, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, atabwera pa Khirisimasi anandisiyira foni yake yakale, yopalasa ndi chala ija, kuti ndizimuona Tadala pa vidiyo. Mwana wabwino Limbikani. Anakulira m'kwaya, ndipo ndinkauza aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe, kuti mwana wanga mowa saudziwa n'kafungo komwe.

Vuto linali netiweki. Kumudzi kwathu, kunsi kwa phiri, imabwera ngati mlendo wongodutsa. Pa Chimbiya ilipo, koma anthu akachuluka, makamaka tsiku la msika, ogula, ogulitsa, a minibasi, aliyense foni kukhutu, imangoti zii. Nkhope ya Tadala inkauma pagalasi kukamwa kuli yasa, kenako kanthu kozungulira kaja n'kuyamba kuzungulira mpaka bandulo kutha.

Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti netiweki ili ndi malo ake. Ena amakwera pachulu, ena amapachika foni pamtengo wa pichesi n'kumalankhula atayang'ana kumwamba. Nanenso ndinayamba kusaka malo anga.

Ndinawapeza mwangozi. Tsiku lina ndikudutsa njira yachidule kuseri kwa bala ya a Mbewe, ndinaima pamwala wina wafulati kuti ndichotse mchenga m'nsapato. Foni inangoyamba kulira m'chikwama, mauthenga a sabata yonse kulowa motsatizana. Nditamuimbira Tadala ndinamuona bwinobwino, mpaka kachipsera kapachipumi kamene anavulala atagwa panjinga ali mwana. Ndinalira pomwepo.

Ine sukulu ndinafika Folomu 4, ndipo sayansi sindinkalephera. Ndinauyang'anitsitsa mwalawo, wakuda, wolemera, wonyezimira pang'ono, ndipo ndinagamula kuti muli chitsulo chokoka netiweki. Ndikaimapo, pamwamba pa galasi la foni pankatuluka kachizindikiro konga mchira wa nkhunda, ndinati umboni wake ndi umenewo. Chinanso, pamwalapo bandulo sinkatha. Ndinangothokoza Mulungu, osafunsa zambiri.

Kuyambira pamenepo, ndikalongedza kachewere wanga madzulo ndinkayamba ndadzera kumwala. Ndinkatulukako maso ali psuu ndi misozi, ndikuseka ndekha, nthawi zina ndikudzandira chifukwa miyendo yachita dzanzi. Lachinayi ndinkapitako nditavala nsalu yathu ya amayi a kutchalitchi, popeza ndinkachokera kumsonkhano.

Ndiye anthu anayamba kundikomera mtima modabwitsa. Mayi wogulitsa tomato pafupi nane anayamba kundibweretsera thobwa, n'kumati limeneli limathetsa ludzu popanda kuchotsa ulemu. Bambo wina wa kabaza anandiperekeza mpaka pakhomo akukankha njinga yake, akuti njira ili ndi maenje. Kumphakati anapempherera mlongo wathu wina amene wagwa m'mayesero a botolo, ndipo Amen wanga ndi amene anamveka kwambiri, chifukwa ndinamumvera chisoni mayi ameneyo. Ndinkafika kunyumba n'kumati koma anthu a kuno ndi abwino.

Kenako a Nangozo, wapampando wa amayi kutchalitchi kwathu, anabwera okha kunyumba. Ndi mayi wamkulu, wofatsa, wosadziwa kukalipa. Anakhala pakhonde, anayamikira kabichi wanga, anafunsa za Tadala, kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti anthu akumandiona kuseri kwa bala, ndipo ngati pali chondilemera mumtima, iwo alipo. Apo m'pamene ndinazindikira kuti mlongo wa botolo uja ndinali ine.

Ndinawafotokozera za mwala, za chitsulo chake, za mchira wa nkhunda. Anandimvetsera mpaka kumapeto akugwedeza mutu, kenako anandigwira dzanja.

"Amake Tadala," anatero, "malemu bambo a kwathu nawonso ankati akukaona ng'ombe."

Atapita ndinakhala ndi maganizo awiri. Kusiya kupita kumwala sindikanatha, masiku a Tadala anali atayandikira. Kupitiriza, ndiye kuti Lamulungu likubweralo andipempherera n'kutchula dzina. Apa sayansi yanga inandithandizanso. Ngati netiweki ili m'mwala, chovuta n'chiyani kuusamutsa mwalawo?

M'mawa mwake, nkhungu isanachoke, ndinabwereka wilibala kwa aneba. Ndinakautenga, kuufunditsa thumba, n'kuukankha mpaka kwathu. Ndinauika kuseri kwa khitchini, kuutsuka bwinobwino, n'kuimapo. Palibe. Ndinautembenuza kuti uloze kuphiri. Palibe. Ndinavula nsapato, mwina labala akutchinga. Mapeto ake ndinauika padzuwa tsiku lonse, poganiza kuti mwina umafuna kutchaja ngati sola. Nkhuku zinaukonda, koma mchira wa nkhunda sunatuluke.

Ndili mkati moganiza chochita, tsiku la msika m'mawa, kauthenga kakafupi ka mkamwini wanga kanatha kulowa: Tadala ali kuchipatala, matenda ayamba. Ndinayesa kuimba, foni ikungoti yesaninso. Ndinauyang'ana mwala uja, ndipo ndinaona kulakwa kwanga. Chinthu ichi chimagwira ntchito pamalo pake pokha, ngati mbewu yokana dothi lachilendo. Ndiubweze.

Wilibala inali itapita kudimba ndi eni ake. Ndinapinda nkhata, kugwada, n'kuusenza pamutu.

Njira yopita kubalako imadutsa pakati pa msika. Taganizani mayi wamkulu ngati ine, amene anthu akumupempherera kale, akudutsa pakati pa tomato ndi kaunjika atasenza mwala, akulankhula yekha. Ndinkapemphera, koma iwo akanadziwa bwanji? Mbali zonse anthu anali atakweza mafoni m'mwamba akudandaula kuti netiweki yadzadza, koma ataona ine anatsitsa manja. A Nangozo anali akugula anyezi. Anasiya anyeziwo n'kunditsatira, amayi ena a kutchalitchi pambuyo pawo, onse mwakachetechete ngati tikuperekeza wodwala.

Nditangokhota pakona ya bala, mwala ukadali pamutu, foni inayamba kulira m'chikwama.

"Mwamva?" ndinawauza. "Wangonunkhiza kwawo!"

Ndinautula, kukwerapo, n'kuyankha. Inatuluka nkhope ya mkamwini, akuseka, maso onyowa. Kenako Tadala, wotopa, tsitsi lili nyankhalala. Kenako anatembenuza foni, ndipo ndinaona kamwana kakakazi, kofiira, katakunga tizibakera, kakuyasamula ngati katopa kale ndi dziko. Tadala anangoti, "Amayi, muli pomwepo?" Ndinati ndili pompano mwanangu, sindinachoke.

Amayi aja anandizungulira, aliyense akusuzumira paphewa panga. Wina anayamba nthungululu, ena n'kulandira. Mwina kuvina kumene anthu akunenako kunachokera apa, koma ine ndinali pamwala, sindikanayerekeza kusuntha.

Titamaliza, a Nangozo anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu, n'kuuyang'ana mwala uja mwaulemu. Anandipepesa pamaso pa onse. Kenako anatulutsa foni yawo, akuti nawonso ali ndi mwana ku Mzuzu amene sanamuone nkhope chaka chino. Ndinawapatsa malo mosangalala. Anakwera. Palibe. Ndinawauza avule nsapato. Anavula. Ndinati ayang'ane kuphiri, akweze dzanja, asapume kwambiri.

Ndi mmene a Mbewe anatipezera atatsegula chitseko chakumbuyo: wapampando wa amayi ali chiimire pamwala kuseri kwa bala, wopanda nsapato, dzanja m'mwamba, ine ndikuwakonza chigongono.

Anatipatsa moni mwaulemu, aliyense payekha. Kenako anayang'ana pansi.

"Zikomo amayi, mwala wanga wogwirira chitseko wabwera? Ndausaka sabata yonse, mphepo yatsala pang'ono kundithyolera mahinjesi."

Ndinayamba kuwafotokozera za chitsulo, koma mawu anali kuchepa okha. A Mbewe sanaseke, ndipo chimenecho sindidzaiwala. Anatilozera pawindo kabokosi koyera kothwanima timagetsi, n'kuti dzina lake ndi wayifayi. Anati tsiku la msika mafoni onse amalimbirana nsanja imodzi ija ya pamtunda, ngati mudzi wonse pamjigo umodzi, ndiye aliyense amangopeza madontho. Kabokosi kawo sikadzera kunsanjako, kamatunga intaneti kudzera pa kambale kamene anaika padenga. Foni ikalowa pamenepo imasiya kukankhana ndi anzake, ndipo bandulo siikhudzidwa. Mwala ntchito yake ndi chitseko basi.

Anawonjezera, akuyang'ana kumbali, kuti ankandiona pawindo ndikulankhula ndi mwana wanga. Kabokosiko kankakhala kukauntala, koma anakasunthira kuwindo lakumbuyo kuti ndisamavutike. Apo ndinakumbukira kuti ndikangofika pamwala, nyimbo za m'balamo zinkatsika. Ine ndinkayesa ndi mwalanso.

A Nangozo anatsika, n'kufunsa chifukwa chimene foni yawo yakanira. A Mbewe anati pamafunika pasiwedi, mawu achinsinsi amene amapatsa makasitomala awo. Foni ikangopatsidwa kamodzi siiwala, ikafika pafupi imalowa yokha ngati mwana wa pakhomo.

"Nanga amake Tadala sanalowepo m'balamu," anatero a Nangozo. "Foni yawoyi anaipatsa ndani?"

A Mbewe anayang'ana foni m'manja mwanga, kachikuto kake kobiriwira kothyoka pakona, ndipo ndinaona kuti aizindikira. Anatsokomola.

"Mwini wake ankabwera kudzaonera mpira, mayi. Mpira basi."

A Nangozo, amene ndinawauzapo kosawerengeka za mwana wanga wa m'kwaya, anawerama n'kuyamba kuvala nsapato pang'onopang'ono. Ali chiweramire anati mpira ndi wabwino, umawasunga achinyamata pamalo amodzi. Amayi enawo anavomereza kuti eya, mpira ndi wabwinodi. Ndakhala ndikulandira zifundo zambiri pamoyo wanga, koma ichi chinali chotentha kumaso.

Tsiku lomwelo a Mbewe anatiikira pasiwedi tonse, ndipo a Nangozo anamuona mwana wawo wa ku Mzuzu ataima pansi wamba. Pano anatiikira benchi kumbali, pansi pa mtengo, kutali ndi khomo la bala. Akuti ife tikamachezera pa kabokosi kawo, kunsanja kumatsala mpata wa ofuna kutumiza ndalama ndi oimba za matenda. A Nangozo akakamira kukomiti kuti kutchalitchi nakonso kuikidwe kabokosi kotere, ndipo mmene ndimawadziwira, kaikidwa. Mdzukulu wanga wayamba kuseka akandiona pagalasi. Mwala unabwerera kuchitseko, ngakhale a kabaza akamadutsa amauvulira chipewa.

Limbikani nditamufunsa pafoni anati, "Mpira, amayi," ndipo ine ndinavomera, chifukwa mtima wa kholo umakonda kuvomera.

Mwezi wathawu ndinapita ku Lilongwe kukatumiza tizovala ta mwana pa basi ya ku Joni. Limbikani anadzandichingamira, tikuyenda wapansi kupita kumene amakhala, foni ili m'manja mwanga. Titadutsa panyumba ina yolira nyimbo, mchira wa nkhunda unatuluka. Patsogolo pang'ono, pamalo ena a mipando yapulasitiki ndi makireti panja, unatulukanso, ndipo mlonda wa pamenepo anamukwezera dzanja mwana wanga. Titakhota, unatulukanso. Limbikani anayamba kuyenda mofulumira, n'kunena kuti pali njira ina yachidule.

Ndinamugwira mkono.

"Mwanangu, usathamange. Ndikungofuna kuona masitediyamu onse."

Mwana akakupatsani foni yake yakale, musafulumire kutamanda miyala, yambani mwafunsa kumene foniyo inkapemphera.