Chitseko cha kwawo kwa Tiwonge

Anzanga, mumandiseka kuti ndikukalamba wosakwatira, koma simudziwa kuti ndinafika pakhomo penipeni. Chaka chija tinavotera zipani zambiri ndinali kusukulu ya udokotala, ndipo ndinkamukonda Tiwonge wa ku Chilomoni moti ndinkayenda wapansi kuchokera ku Zingwangwa kungoti ndimuone akutuluka m'tchalitchi. Lamulungu lina anati ndikaonekere kwa makolo ake. Ine cholinga chinali chimodzi, bambo ake a Gondwe, kalaliki wa boma wopuma, aone kuti mwana wawo wapeza munthu wophunzira.

Mayi ake anaphika nkhumba, nthuli yonona kuposa zonse nkuiika m'mbale mwanga, ulemu wa mlendo. A Gondwe atangofunsa zomwe timaphunzira, pakamwa panandiyabwa. Ndinafotokoza kuti thupi lapangidwa ndi timaselo, selo lililonse lakutidwa ndi kachikopa ka mafuta, ndipo m'kachikopako muli timakomo tolowera ndi kutulukira mchere, ngakhale mtima umagunda chifukwa cha timakomoto. Mafuta ozungulira khomo ndiwo amalilola kutseguka, akalimba khomo limavuta. Ndikanalekera pomwepo chikanalakwika n'chiyani? Koma ayi, ndinanyamula nthuli ija m'mwamba, nkunena kuti mafuta ngati awa ndiwo amaumitsa timakomo, kenako ndinaibwezera m'mbale yaikulu mayi akuona. Tiwonge anandiponda phazi kunsi kwa tebulo, ine nkumayesa akundilimbikitsa.

Ndinadzuka, m'manja osasamba, kupita pachitseko chawo chomwe chinali chitatupa ndi mvula. Ndinati felemu ndiye mafuta, chitseko ndiye khomo la mchere, taonani momwe chikukanira. Ndinachikoka ndi mphamvu zonse. Mahinjesi onse awiri anazuka, ine chagada khu, chitseko pamimba, anthu odutsa mumsewu ataima kuonerera.

A Gondwe anamaliza kutafuna, nkusamba m'manja mosafulumira.

"A dokotala, ngati chitseko mwachichita chonchi, nanga mwana wanga akadzadwala?"

Tiwonge anandiperekeza mpaka pasiteji akuseka, misozi ili mbwembwembwe, ndipo sindinamuonepo atakongola ngati tsiku limenelo. Chaka chotsatira anakwatiwa ndi kalipentala amene anabwera kudzakonza chitsekocho.

Ndimamusowabe, sindinama. Minibasi ikamadutsa ku Chilomoni ndimasuzumirabe pawindo ngati mwana. Chiyambireni, munthu akandifunsa za maselo ndili kwa eni ake, ndimati ndinaiwala zonse, nkupempha madzi akumwa.