Ampu Imene Inafikitsa Mawu a Esinati ku Namitete

Amene akuti ndine wabodza anyamuke pompano akafunse kwa Kabudula. Ine Fulawo ndaimba zokuzira mawu m'maukwati kuyambira nthawi ya makaseti, ndipo zimene ndikuuzeni pano zinachitika masanasana, anthu akuona.

Unali ukwati wa Esinati, mwana wa a Jalasi, mlimi wa fodya. Tsiku litayandikira, a Jalasi anagwa m'chigafa, nakagonekedwa kuchipatala ku Namitete, osalankhula, osatsegula maso. Mbuzi zinali zitaphedwa kale, alendo atadzaza pabwalo, koma mkwatibwi anakana kuvala diresi. Anandipeza ndikutsitsa katundu m'ngolo, maso ali psuu.

"A Fulawo, ngati bambo anga sandimva ndikulonjeza, ine sindikwatiwa."

"Kavaleni, mayi," ndinatero. "Amva."

Masipika ndinali nawo awiri okha, a mawatsi mazana atatu iliyonse, ndiye nkhani yonse inagona pa ampu yowapatsa mphamvu. Zinalipo zitatu: kanga kakang'ono, ina yakutchalitchi, ndi chiampu chachikulu chochokera kubala ina ya mowa ya pa Nsaru. Anthu amaganiza kuti yaikulu yokha ndiyo imapha sipika. Yaing'ono imaphanso, chifukwa umaikakamiza, umapotokola batani mpaka kumapeto, mawu amasasa, kenako sipika imanunkha chipsereza.

Ndinayesa kanga kaja, ndipo mawu anatuluka oduladula, akutsimphina, anafika pamjigo n'kugwa pansi, nkhuku n'kuwatola. Ndinayesa chapabala chija, ndipo ndisanakhudze n'komwe batani masipika anayamba kubwerera cham'mbuyo okha, denga la nkhokwe linadzuka n'kukatera panyumba ya eniake ena, thobwa la mumgolo linasasa nthawi yomweyo, ndipo ndikanangoti "wani thu" poyesa maiki, mapepala a masipika akanang'ambika. Mukumva? Ndinazula waya msanga.

Ndiye ndinagunditsa khutu pasipika, poti sipika imanena yokha chimene ikufuna. Inati ikufuna ampu yoiposa kawiri, kuti izigwira ntchito ikupuma, ndiponso yogwirizana nayo pa muyeso wa magetsi, maomu asanu ndi atatu olembedwa kumbuyo kwake. Yakutchalitchi inali yomweyo ndendende. Ndinalumikiza, ndinalozetsa masipika ku Namitete, batani ndinalisiya pakati, kanyali kofiira kochenjeza osaphethira ngakhale kamodzi.

Abusa atafunsa, Esinati anagwira maiki nati, "Eya, ndikulonjeza."

Abale anga, mverani. Pabwalopo panalibe phokoso ayi, khanda lomwe linagona pafupi ndi sipika silinadzuke, koma mawuwo tinawaona ndi maso akunyamuka, oyera ngati madzi a pakasupe, akuweramitsa udzu mbali imodzi, ndipo m'minda momwe anadutsa mtedza unazuka wokha n'kudzisanja mizu kumwamba, chimanga chinadzitonola m'nkhokwe, fodya m'zigafa anadzisankha yekha wabwino uku woipa uku, pa Nsaru akabaza anatsika panjinga n'kuvula zipewa, ndipo atafika pamsewu wa ku Mchinji anaima kaye kuti lole idutse, kenako anawoloka, analowa pageti la chipatala, anadutsa mabedi a odwala ena chonyang'ama, nakalowa m'khutu la a Jalasi. Mukuseka eti? Ife sitinaseke.

Tinangoyang'ana ku Namitete, abusa buku lili m'manja, amayi osayimba nthungululu. Kenako ndinaona mapepala a masipika akunjenjemera okha, maiki ili yozimitsa. Sipika ndi ampu zikagwirizana bwino, njira imatseguka uku ndi uku. Munatuluka mawu a munthu wotopa, koma aliyense anawazindikira.

"Ndamva, mwana wanga. Pita bwino."

Esinati anagwada pafumbi ndi diresi loyera lija, anakumbatira sipika n'kulira. Mkwati naye analira, abusa anavula magalasi. Ine, munthu amene ndaimba m'maukwati osawerengeka, ndinakhala pajenereta osamva n'komwe kuti ikuotcha. Perekaniperekani ali mkati, a Jalasi anatulukira pa kabaza atafunda bulangete lachipatala, akufunsa ngati nyama yatsalako.

Mukufuna umboni kodi? Mawu oyera choncho satha, amangopita. Atachoka m'chipatala muja anakwera Dzalanyama, anawolokera ku Mozambiki, ndipo akuzungulira dziko lonse mpaka pano. Akamaliza amadzera kumpoto, cha ku Nambuma. Chaka chatha anandipeza ndikupalira, ndinaika khasu pansi mpaka anadutsa. Chaka chino sanadutsebe. Wotsutsa abwere kumunda kwanga ndi khasu lake, tizikadikira limodzi.