Mbawa ya m'malire

Lolemba

Chitseko chagwanso. Chiswe chadya mkati monse, chatsala chikugwiridwa ndi penti yokha. Amake Joyce akuti mvula ikayamba ndisanakonze, iwo azikagona kwa achemwali awo.

Ine sindikudandaula. Kumunsi kwa dimba kuli mbawa, yowongoka bwinobwino, yoti anthu awiri sangaikumbatire. Mmenemo muli chitseko, mafelemu, mwina ndi bedi yomwe. Zofunika: ocheka matabwa awiri, chingwe, thobwa. Loweruka matabwa ali pakhonde!

Lachiwiri

Ndinaiwala kuti chibwerereni matipate mudzi uliwonse uli ndi komiti. Yathu ya mitengo ikuti mbawa, mlombwa, muwanga, osakhudza, pokhapokha utauma wokha. Bulugamu dulani mpaka mutope. A tcheyamani, omwe dzana lomweli anamwa tiyi wanga wamkaka: "Pepani achimwene, si ine, ndi lamulo."

Mlamu wanga wa ku Zomba akuti ndithokoze. M'tauni umalemba kalata, n'kudikira yankho mpaka mtengowo udzakugwere. Koma tsidya lina la kamtsinje kathu, m'mudzi mwa a Ajusa, amene munda wawo wayang'anizana ndi dimba lathu, lamulo ndi lina: dzala mbande zisanu, dula mtengo umodzi. Mbawa yomweyo, dziko lomweli, kamtsinje koti nkhuku imadumpha!

Lachitatu

Nzeru zandipeza ndikusamba. Malire a midzi iwiriyi ndi kamtsinje. Koma akuluakulu amati kale kankadutsa mbali ino ya mbawa, kanasuntha ndi madzi osefukira ine ndisanadzakwatire kuno. Ndiye kuti mbawa ili kutsidya, kumene amadula!

Ndapalasa njinga mpaka ku Songani, dzuwa lili paliwombo, ndabwera ndi mbande zisanu za mbawa. Ndazidzala pakati pa dimba, pomwe pali chinyezi.

Amake Joyce sindinawauze. Dimbali ndi lawo, anawasiyira amayi awo, ine pano ndine mkamwini chabe. Adzaona okha chitseko chikuwala.

Lachinayi

Kukumba tsiku lonse, kufuna khwawa lakale. Msana wanga ine! Koma ndapeza: miyala yosalala, mchenga wa mumtsinje, zonse zili pomwepo.

A Ajusa awoloka kudzaonerera. "Kumbani achimwene, zoona zioneke." Andibwerekanso khasu lawo lalikulu, madzi akumwa anditumizira. Anthu abwino akadalipo m'dziko muno.

Lachisanu

Makomiti onse awiri pansi pa mbawa, a Ajusa atangochokera ku mzikiti. Ndalankhula ngati loya. Ndaonetsa miyala, ndaonetsa mchenga, wina wafuna kutsutsa ndamufunsa ngati mchenga umayenda wokha. Anthu aseka, iye wakhala pansi.

Agwirizana onse: malire ndi khwawa lakale. Mbawa ndi ya kutsidya. Ndapambana! A Ajusa andigwira chanza ndi manja awiri, osafuna kundisiya.

Amake Joyce anali ku chigayo. Ndangowauza kuti afulule thobwa lambiri.

Loweruka

Ocheka afika m'mamawa. Tatsika ku dimba, tawapeza a Ajusa atayala kale mkeka pansi pa mbawa, mbuzi yawo atamangirira pambali.

"Mtengo wa m'munda mwanga? Iyayi achimwene, ine sindidula. Mthunzi wake ndakhala ndikuusirira zaka zonsezi."

Zoti mtengo ukakhala kutsidya ndiye kuti mwini wakenso ndi wa kutsidya, zimenezo sizinandidutse m'mutu. Si mbawa yokha. Chilichonse cha pakati pa khwawa lakale ndi kamtsinje chapita: nthochi, mzimbe, mizere ya mpiru.

Masana komiti yathu yabwera kudzayamikira mbande zanga. Zili mbali ino, ndiye osazula, osadula, mpaka kalekale. Mbawa zisanu pakati pa dimba la tomato!

Amake Joyce sanakalipe, bola akanakalipa. "Amayi anga anasunga dimba ili moyo wawo wonse. Inu sabata imodzi."

Ocheka amwa thobwa lonse n'kutsanzika mwaulemu.

Lamulungu

Ku tchalitchi tapita tonse, iwo kutsogolo, ine kumbuyo kutali. Manyazi ndili nawo, sindikana.

Pakhomo ndakhoma thumba la feteleza. Kunena zoona, ndi kutentha kwa Okutobala kuno, kamphepo kakulowa bwino.

Madzulo a Ajusa andiitana kuti ndikapume pansi pa mbawa yawo. Ndapita. Mthunzi wake ndi wabwinodi, sindinaukhalepo chiyambire. Andipatsa nthochi ziwiri za pa dimba lawo latsopano, ndadya, n'zokoma monga kale.

Mawa kukubwera amalume awo a amake Joyce, mwini mbumba, kudzamva mmene dimba lachepera. Ndafunsa ngati ndiyambe ndakhoma kaye chitseko cha bulugamu alendo asanafike. Amake Joyce akuti ndisadzivute, pakhomo popanda chitseko mkamwini savutika potuluka.