A Sendeza ndi Miluza ya Nsomba

A Sendeza akaona chinthu chopendama, mutu unkawapweteka mpaka atachiwongola. Dzinalo linachokera pakamwa pawo pomwe: "Tasendeza pang'ono." Ankasendeza mipando, makapu, ngakhale alendo. Pa ukwati wa mwana wawo anaimitsa wojambula mpaka mkwati miyendo inachita dzanzi, ati phewa lake lina linali lokwera.

Amene anawapirira kwambiri anali mnzawo wa mu labotale, amene onse ankangowatcha Mayi Dokotala. Iwo ankathira utoto pa miluza ya nsomba, tiana tosaswa, kuti jini iliyonse, kachidutswa ka malangizo a chibadwa, iwale pamene ikugwira ntchito, kenako n'kujambula pa maikulosikopu. Koma miluza sigona mofanana: wina wapinda mchira, wina wagona chagada. Ntchito ya a Sendeza inali kutembenuza ndi kutambasula zithunzizo pa kompyuta mpaka diso litagwera pa diso, mtima pa mtima. Ankafuna kupeza majini amene amapundula mtima wa mwana asanabadwe.

"Bambo, zakhala bwino izi," ankatero Mayi Dokotala.

"Mayi, mchirawu ukundiyang'ana cham'mbali."

"Mchira ulibe maso."

"Ndiye chikundiopsacho n'chimenecho."

Apongozi awo atamva kuti mkamwini amaswera ndi majini, anabwera ndi abusa kudzapempherera nyumba.

"Si majini a mizimu ayi, amayi," anafotokoza a Sendeza mwaulemu. "Awa ali mwa inu momwemo, thupi lonse."

Apongoziwo sanamwenso madzi pakhomopo.

Pulogalamu yogwirizanitsa zithunziyo a Sendeza anailemba okha, ndipo inkamvera iwo okha ngati galu wa munthu wosakwatira. Mayi Dokotala akapempha kuti awaphunzitse, yankho linali limodzi: "Ikadzawongoka." Sinawongoke. A Sendeza atadwala, Mayi Dokotala anakawaona kuchipatala n'kuwapeza akukangana ndi dokotala pa chithunzi cha chifuwa chawo.

"Mwandijambula mopendama. Chotupachi chikuoneka chachikulu chifukwa cha zimenezo."

Dokotalayo sanaseke. Mayi Dokotala anaseka m'malo mwake, kenako anatuluka panja msanga.

Maliro a mnzawoyo atatha, Mayi Dokotala anayatsa kompyuta ija. Inatulutsa nsomba ya maso atatu, mtima uli kumchira. Anaitana akatswiri, anayesa mapulogalamu ena, koma zithunzi za zaka zambiri zinali zitasungidwa m'njira imene mwini wake anapita nayo. Akuluakulu anadikira, kenako analeka kufunsa. Nsomba zinapatsidwa ku labotale ina.

Masiku ano Mayi Dokotala amabwerabe m'mawa, amavala chovala chawo choyera n'kukhala pansi. Timakina topopera mpweya m'madzi tinazimitsidwa. Ali moyo mnzawo sankadziwa n'komwe kuti timachita phokoso. Posachedwapa kunabwera kalipentala kudzayeza khoma, poti chipindacho chikhala chosungiramo katundu. Analoza kompyutayo ndi tepi yake.

"Iyi ikugwirabe ntchito, mayi?"

"Imayaka," anayankha.