Mwamuna Wanga Amene Palibe Akumudziwa

Kwa Olemekezeka a Wapampando,
Komiti Yomasula Akaidi,
Kitwe.

Bwana mukwai,

Ine Petronella Zulu wa m'komboni ya Chipulukusu ku Ndola, mayi wosapita kusukulu, ndagwada pansi kuthokoza lipoti lanu lonena za amuna anga, a Stanislaus, amene ali m'ndende chifukwa chogulula mano awiri a Jairus pamowa. Lipotilo likuti sangatuluke poti alibe mkazi, alibe nyumba, ndipo palibe amawadziwa. Zikomo pondidziwitsa. Tsopano ndikungodabwa kuti ana anayiwa ndinawatola kuti.

Choyamba, ndithokoze kalaliki amene munamutuma kudzafufuza. Anafika pa Landirova, kabudula wa khaki, buku m'khwapa, ndendende aja a msonkho a nthawi ya azungu. Odi sananene, chimene wadzera sananene, anangotchula dzina. Bwana, ife tinakula tikudziwa kuti wa khaki akafunsa mwamuna, mwamunayo kulibe. Apongozi anga anakana mwana wobala okha. A katekisiti anati dzinalo n'lachilendo, Mulungu awakhululukire. Ine ndinati sindinakwatiwepo, uku Felistus akulira kumsana. Kalaliki wanu analemba zonse osamuyang'ana n'komwe mwanayo. Sukulu ndi yabwino ndithu.

Chachiwiri, ndikuyamikeni kuti m'komboni monse munapeza mboni imodzi yowadziwa bwino, a Jairus omwewo. Munawaitanira ku ofesi, munawapatsa tiyi, iwo n'kuyankhula mpaka pepala linatha. Kuchoka kwa mano awiri sikunachepetse mawu.

Chachitatu, mumadziwa kugawana nkhani. Ndola inatumiza lipoti ku Kitwe, Kitwe inalibweza ku Ndola kuti lidindidwe, Ndola inalibwezanso poti wosunga chidindo anali ku mpira. Amene sanaliwerenge ndani? Ine ndinazimvera pamsika kwa a Lenia ogulitsa kapenta, msuweni wawo ndiye wotaipa makalata ku ofesi kwanu. Munthu mmodzi yekha ndiye simunamuvutitse ndi mafunso, mkaidi mwini, amene akanakuuzani kwawo muli chikhalire.

Mtima ukundiwawa, bwana, koma mwaulemu. Mvula yayandikira, denga ndi zibowo zokhazokha, ndipo Felistus wayamba kuitana atate mwamuna aliyense wodutsa, ngakhale a Jairus.

Pempho langa n'laling'ono. Pa wailesi tikumva kuti tili pa ufulu ndipo mkuwa ukuyenda malonda. Mugulireni kalalikiyo thalauzi lalitali, mumuphunzitse kunena odi, abwerenso. Zikakukanikani, tsegulani chipata cha ndende, mutulutse munthu wopanda kwawoyo, muzimutsata pambuyo pang'onopang'ono ndi Landirova yanu. Akalowa pakhomo panga, lipoti lalembeka. Akakhotera nyumba ina, musawononge petulo, ndidzamubweza kundendeko ndekha.

Ine kapolo wanu wodzichepetsa,
Petronella Zulu,
mkazi wa munthu amene kulibe.